Musapente nsalu achemwali, holo yonseyo ndiyo ikhale siwa

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu, ndalidula pang'ono: "Ndimatsogolera gulu la achinyamata la zisudzo. Sewero lathu ndi la mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake akufuna kumulanda nyumba maliro asanaikidwe n'komwe, nkhani yonse ikuchitika usiku umodzi pasiwa. Holo tabwereka ya tchalitchi, siteji yake ili kumapeto uko komanso ndi yokwera kwambiri, denga ndi malata opanda siling'i. Ndalama ingokwana nsalu ndi penti. Tijambule chani kumbuyoko kuti anthu amve ngati ali pamaliro enieni?"

Achemwali, ndalama ya pentiyo isungeni kaye. Ndikudziwa mukufunsa za chithunzi, koma ine nditawerenga funso lanu chimene chandigwira si chithunzi ayi, ndi mawu oti siteji ili kumapeto uko. Ndi pamene pali vuto lanu lonse. Munthu akakhala pampando wa pulasitiki mzere wachikhumi, kutsogolo kwake kuli mitu ya anthu, siteji ili kutali ngati guwa, olo mutalemba ntchito wojambula wodziwa bwanji akujambulireni nyumba, mitengo ndi mwezi, thupi lake likhala likumuuza kuti ali mu holo ya tchalitchi akudikira zilengezo. Maso mungawanamize pang'ono koma matako ndi msana sizinamizika.

Nde funso ndilitembenuze chonchi: woonera akhala pati, ndipo akhala ngati ndani? Pa sewero lanuli yankho ndi lokoma kwambiri chifukwa palibe Mmalawi amene sadziwa kukhala pasiwa. Palibe woti mumuphunzitse. Aliyense akudziwa kuti amayi amalowa mkati pamphasa pafupi ndi anamfedwa, abambo panja pamabenchi pafupi ndi moto, mawu amatsika okha, chipewa chimavulidwa chokha. Zimenezo muli nazo kale zaulere, zili m'matupi mwa anthu amene agule matikiti. Ntchito yanu ndi kungokonza chipinda kuti matupiwo akumbuke.

Anzathu akunja zimenezi amazitchula site-specific, kutanthauza kuti sewero ndi malo ake zalukidwa pamodzi, simungalinyamule n'kukaliika pena osasintha kanthu. Ena amakangana kuti dzinali n'loyenera pokhapokha mukasewera pamalo enieni, ngati kudepoti kapena mumsika, osati mukasandutsa holo kukhala malo ena. Mkangano umenewo asiyireni a ku yunivesite. Chofunika n'choti si zachilendo. Mu 1924 ku New York, Norman Bel Geddes anasandutsa Century Theatre yonse kukhala ngati tchalitchi chachikulu cha makedzana pa sewero lomwe ankatsogolera Max Reinhardt, anthu polowa ankangoona ngati alowa mu kafidulo, osati mu holo ya zisudzo. Imeneyo inali ya ndalama zambiri. Ya ife osauka ndi ya Jerzy Grotowski ku Opole, Poland, mu 1962, kachipinda kakang'ono, iye ndi mmisiri wake Jerzy Gurawski anaika mabedi achitsulo ngati kuchipatala cha odwala misala, oonera n'kukhala pamabedi omwewo limodzi ndi osewera, moti umapezeka nawenso ndiwe wodwala wa mu wodimo. Taonani kuti sanajambule chipatala pansalu, anangosintha pokhala.

Ndipo kunena zoona ife tinayamba kale azunguwo asanaganize. Vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka uja, mukuidziwa, ili pakhomo pompano, UNESCO inailemekeza mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. Ilibe siteji. Amayi ndi ana amazungulira akuimba ndi kuomba m'manja, ang'oma mbali yawo, wovina pakati, ndipo mutachotsa bwalo la anthulo palibenso vimbuza. A Travelling Theatre a ku Chancellor College ankayenda m'midzi kusewera pabwalo ndi pansi pa mitengo, anafika mpaka ku Mbalachanda ku Mzimba kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ku Kenya anthu a ku Kamiriithu anadzimangira okha bwalo la zisudzo lapamtetete mu 1977, boma n'kudzaligwetsa mu 1982. Siteji yokwera yokhala ndi katani ija inabwera ndi maholo a sukulu ndi a mishoni, nafe tinaizolowera pa mipikisano ya zisudzo za m'sukulu ya ATEM mpaka kuyamba kuganiza kuti popanda iyo palibe sewero. Sindikuinyoza, inatilera tonse, koma si lamulo la Mose.

Tsopano tibwere mu holo mwanumo. Choyamba pitani mukakhalemo nokha opanda gulu, pa ola lomwe mudzasewere, mphindi 30 zokha, foni m'thumba. Mvetserani. Mudzamva zimene simunamvepo, kwaya ikupanga pulakatisi kuseri, chigayo, agalu, malata akulira akamazizira dzuwa likalowa, chitseko china chimene chimalira mukachikankha. Werengani zitseko, muone kuti chilichonse chikutulukira kuti. Yendani muyeze ndi mapazi kutalika ndi kufupika kwake mulembe papepala. Ombani m'manja kamodzi pakati pa holo mumve ngati mawu akubwerera. Zonsezi ndi katundu wanu, chitseko cholira chija musathire oyilo, chimenecho ndi chitseko cha kuchipinda kwa malemu, alamu aja akamalowa kukasuzumira katundu holo yonse idzamva.

Siteji ija isiyeni, musasewerepo. Tsitsani sewero pansi pakati pa holo. Siyani mpata wautali ngati msewu, mamita 3 kapena 4 m'lifupi, oonera akhale mbali ziwiri moyang'anizana. Kumapeto amodzi a mpatawo ndi mkati mwa nyumba ya siwa, mphasa, mayi wamasiye ndi amayi omukhazika. Kumapeto enawo ndi panja pamoto pamene pali abambo ndi akuchimuna. Nkhani yanu yonse ndi kukokana pakati pa mbali ziwirizi, ndiye mlamu akanyamuka pamoto kupita kwa mayi uja ayenda mamita 10 kapena 12 pakati pa anthu, aliyense akumuyang'ana, nsapato zikumveka pasimenti. Kuyenda kumeneko kokha kukuchitirani ntchito yomwe mizere isanu ya mawu singachite. Pa siteji yokwera bwenzi atangosuntha masitepe atatu basi wafika.

Ubwino wina wa kukhala moyang'anizana ndi woti kuseri kwa osewera woonera amaona nkhope za anzake oonera. Ndiye nsalu yanu yakumbuyo ija imeneyo, nkhope za anthu a ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa. Pa nkhani ya kulanda katundu zimenezi zimaluma, chifukwa mu holomo mudzakhala amayi amene zinawachitikira, mudzakhalanso abambo amene anachitapo, ndipo adzakhala akuonana. Lamulo loletsa kulanda katundu wa masiye lilipo, la 2011 lija, koma chimene chimagwira munthu pasiwa si lamulo, ndi maso a anthu. Sewero lanu lili ndi mwayi wobwereka maso amenewo.

Nanga siteji yokwerayo? Ikanipo kwaya yanu, mumdima, katani yotseka theka. Nyimbo zapamaliro zizichokera kumeneko chapansipansi ngati zikuchokera kuseri kwa nyumba. Kapena ngati anthu achuluka ikanipo mipando, akhale ngati gulu la oonera apamwamba, amaona bwino kwambiri kumeneko.

Kakhalidwe ka anthu mukakonze motsetsereka kuti wakumbuyo aone: kutsogolo mphasa kapena mikeka, pambuyo pake mabenchi, kumbuyo kwenikweni mipando. Mizere itatu mbali iliyonse, inayi ikachulukitsa. Mukapitirira apo wakumbuyo saonanso chilichonse chochitika pansi, ndipo sewero lanu theka lake ndi la anthu okhala pansi, musaiwale. Apa pali funso limene gulu lanu likangane lokha: kodi oonera muwagawe amayi kumphasa abambo kumabenchi ngati pamaliro enieni? Ine maganizo anga, musakakamize. Ikani anyamata ndi atsikana anu awiri atatu pakhomo atavala ngati olandira anthu pamaliro, azinong'ona kuti amayi mutha kulowa mkati, adada malo alipo kumoto uko, koma amene wabwera ndi mkazi wake akufuna kukhala limodzi musiyeni. Mudzadabwa kuti ambiri adzadzigawa okha. Agogo, amayi oyembekezera ndi aliyense wa njinga ya olumala muwasungire mipando yabwino pafupi ndi khomo, osati munthu wa zaka 70 walipira tikiti mukamukhazike pamkeka ola lathunthu ndi theka pasimenti ya Mzuzu mwezi wa June, adzakutukwanani mpaka ku Ekwendeni.

Sewero liyambire panja, munthu asanalowe. Kuchokera pageti kufika pakhomo la holo yalani masamba aawisi pansi ngati mmene timachitira pamsewu kukakhala zovuta. Munthu akangoona masamba aja amachepetsa liwiro yekha, kuseka kumatha. Koma chonde, mkati mwa mpanda basi. Mukakaika pamsewu weniweni a Sacramento, akabaza athu aja, ayamba kutsika panjinga, uthenga ufalikira dera lonse kuti kutchalitchi kwagwa zovuta, mawa lake mudzayankha mlandu kwa akulu ampingo ndi amfumu. Ndipo tebulo la matikiti liikeni kutali ndi khomo, kugeti, kuti zosinthana chenje zithere konko. Ena amakonda kusandutsa tikiti kukhala ngati mbale ya chipepeso, ine sindimazikonda, ndalama za gulu zimasokonekera ndipo ena amaona ngati mukuseweretsa mwambo.

Pa mfundo yoseweretsa mwamboyi ndiime pang'ono chifukwa ndi pamene ndinapsa ine. Zaka zapitazo tinapanga sewero lokhala ndi maliro mu holo ya sukulu ina, ine ndi nzeru zanga ndinakabwereka bokosi lenileni kwa kalipentala, lopaka vanishi bwinobwino, n'kuliika pakati pa anthu. Tisanafike ndi pakati pomwe mayi wina wa mzere woyamba anayamba kulira kwenikweni, osati kwa sewero, kenako tinamva kuti anali ataika mwana wake miyezi iwiri m'mbuyomo. Anatuluka naye anzake anayi, ena n'kuyamba kung'ung'udza kuti ana awa akuitana imfa, sewero linatha koma palibe amene anamva theka lachiwiri, nkhani inali ya bokosi basi. Kuyambira pamenepo bokosi sindiikanso. Inu ikani benchi lalitali mufunditse nsalu yoyera kapena chitenje, kapena kuposa apo musaonetse n'komwe, thupi likhale kuseri kwa chitseko chija ndipo aliyense wotulukamo azitsitsa mawu. Anthu amadzaza okha zotsalazo m'mutu mwawo. Komanso pa positala lembani poyera kuti sewero likuchitikira pasiwa, amene bala lake ndi laliwisi asankhe yekha kubwera kapena ayi. Abusa kapena akomiti ya holo muwafotokozere zonse musanayale mphasa ndi imodzi yomwe, asadzazionere tsiku lomwelo.

Moto. Ndikudziwa anyamata anu anena kale kuti tibweretse mbaula. Ayi. Makala mu holo yotseka mawindo chifukwa cha kuzizira amatulutsa mpweya woipa wosanunkha, anthu amangoyamba mutu ndi chizungulire, kuwonjezera apo pali mphasa ndi zitenje paliponse. Panganitu moto wabodza: nkhuni zenizeni muzisanje bwino, pansi pake tochi ziwiri kapena babu lotchaja, mukute ndi pepala la pulasitiki lofiirira ngati lokutira mphatso lija, babu likhale la LED losatentha. Fungo ndi limene limanamiza munthu kuposa kuwala, nde moto weniweni ukolezeni panja, kutali ndi khomo, wina aziuyang'anira ndi ndowa ya madzi pambali. Anthu adutse pafupi nawo polowa, utsi pang'ono ukakamira m'majuzi mwawo, akakhala pansi mphuno iziwauza kuti ali pasiwa. Nkhuni zomwe mwasanja mkatizo muziwambe kaye pamoto dzulo lake kuti zide komanso zizinunkha.

Magetsi a holo, machubu oyera aja, zimitsani onse. Amapha chilichonse, munthu amaoneka ngati ali pa mzere wa kubanki. Bwerekani mababu otchaja ndi nyali za sola zisanu kapena zisanu ndi imodzi, muzipachike m'munsi, pamwamba pang'ono pa mitu ya osewera, zina kumbali ya amayi zina kumoto, pakati pakhale kamdima pang'ono koma nkhope zizioneka. Yesani ndi munthu atakhala mbali iyi ndi iyo kuti nyali isamuthobwe m'maso wa tsidya linalo, ndi vuto lalikulu la kakhalidwe koyang'anizana limenelo. Ubwino wake magetsi akazima pakati pa sewero inu simudziwa n'komwe, jenereta simuifunanso ndi phokoso lake lija.

Za denga lanu la malata. Kuno mvula simaipanganira, kumwera ikakhala yatha ife imatipezabe mpaka April kapena May, kenako n'kubwera kamvula kowaza ka nthawi yozizira. Ikagwa yamphamvu pamalata opanda siling'i palibe wosewera angapose, olo wa mawu ngati ng'ombe. Kutsitsa sewero pansi kwakuthandizani kale theka, chifukwa palibe woonera amene ali kutali kuposa mamita ochepa, maiki simufuna. Theka linalo konzekerani: gwirizanani kuti mvula ikalimba mtsogoleri wa kwaya ayambitsa nyimbo, osewera akhala mmene alili ngati anthu odikira mvula pamaliro, ikachepa nkhani ipitirira pomwe inaimira. Pasiwa zimachitika choncho kumene, palibe adzadziwe kuti sizinali mu pulani. Nsalu yomwe mumafuna kupenta ija, ngati mwagula kale, imangeni m'mwamba mopingasa pamwamba pa mbali ya amayi ngati tenti, itsitsa denga, ichepetsa kubwerera kwa mawu, ndipo mbali imeneyo idzamveka ngati chipinda. Ngati simunagule, masaka osokedwa pamodzi kapena makatani akale a pa kaunjika akwana, zitenje zingapo za ku Taifa Market ngati ndalama yatsalako. Mabenchi akaperewera, zigwagwa za paini zimapezeka kuno, nkhalango ya Chikangawa ili pafupi, thabwa pamwamba pa njerwa basi, bola mupale zisonga zisang'ambe masiketi a anthu.

Osewera anu ndi amene adzavutike kwambiri, ndikuuzirenitu. Anazolowera kuyang'ana kutsogolo ndi lamulo lija loti usapatse anthu msana. Apa msana upereka ndithu, kulikonse ungayang'ane wina ali kumbuyo kwako. Chinsinsi n'choti asaime malo amodzi nthawi yaitali, ndipo awiri akamayankhulana asayandikane mphuno ndi mphuno pakati, atalikirane mopingasa kuti mbali iliyonse ione nkhope ya mmodzi. Amene sakuyankhula alibe kothawira, kulibe kuseri kwa katani kokaseka ndi kuyang'ana WhatsApp, akhala pamphasa pakati pa oonera ngati wolira maliro kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mapulakatisi atatu omaliza achitikire mu holo momwemo, mujambule malire ndi choko pansi, muitane anzanu khumi adzakhale m'malo mwa oonera, makamaka ana, chifukwa ana ndi amene amakwawira pakati pa bwalo. Ndipo oonera adzayankha, dziwani zimenezo. Mlamu akadzanyamula makiyi a nyumba padzapezeka mayi wina wokuwa kuti wakuba iwe, mwina mpaka kumugwira mwendo. Wosewera wake akhale wokhwima mutu woti atha kuyankha mwa khalidwe la mlamuyo, mwina m'Chitumbuka kumene ngati wakuwayo wakuwa m'Chitumbuka, n'kubwerera mu nkhani osaseka.

Zitseko zonse zikhale zosakhoma ndipo njira yopita kuzitsekozo isatsekedwe ndi benchi kapena nkhuni, muike munthu wa tochi pa chitseko chilichonse. Mwazimitsa magetsi, mwakhazika anthu pansi, udindo wowatulutsa bwino ndi wanu.

Msungichuma wanu adzadandaula kuti kakonzedwe aka kadya malo, ndipo akunena zoona, anthu olowa adzachepa kusiyana ndi mizere ya masiku onse, mwina ndi theka. Seweranitu kawiri kapena katatu. Koma onetsetsani nthawi, masana kuwala kolowa pamawindo kudzakuonongerani usiku wanu, nde mwina muphimbe mawindo ndi makatoni ndi mabulangete, apo ayi muyambe cha m'ma 6 koloko dzuwa litalowa n'kumaliza msanga anthu apeze zokwera. Muuzenso mlonda ndi akomiti kuti mipando mubweza mmene inalili isanakwane nthawi ya mapemphero a m'mawa, ndipo mubwezedi, apo ayi holo imeneyo simudzaionanso.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala ndi potsekera. Mulibe katani yoti mutseke, ndipo anthu amene mwawakhazika pasiwa ola lathunthu ndi theka sadzaomba m'manja, pamaliro saomba m'manja, adzangokhala duu kudikira wina awamasule. Ndiye muwamasule inuyo. Nkhani yanu ikuthera m'bandakucha eti? Mawu omaliza akangonenedwa wina atsegule zitseko zonse mphepo ya Mzuzu ilowe, wina atole nsalu yoyera ija aipinde pamaso pa anthu kuti aone kuti linali benchi chabe, kenako yatsani machubu oyera aja onse nthawi imodzi. Osewera adzuke pamphasa pomwe anakhala, aime pakati, mayi wamasiye ndi mlamu wake agwirane manja anthu aone kuti ndi ana a gulu limodzi. Masamba apanja aja mutume anyamata awiri akawachotse sewero lili mkati, anthu potuluka apeze njira yoyera.